Mtengo wa maluwa wopirira dzuwa la ku Ngabu

Funso: Ndinamanga kanyumba ku Ngabu zaka zitatu zapitazo. Ndinagula mbande ziwiri za jakaranda ku Blantyre, ndinkazithirira m'mawa ndi madzulo ndi madzi a pamjigo, koma zonse zinauma Novembala asanathe. Dothi lathu ndi makande, madzi ndi amchere pang'ono, ndipo mbuzi za anzathu sizidziwa malire. Aliyense akundiuza kuti ndingobzala nimu, koma nimu ndili naye kale pakhomo. Kodi palibe mtengo wakonkuno wochita maluwa okongola umene ungapirire dzuwa lathuli? Ndine mayi wa ku Ngabu, m'boma la Chikwawa.

Yankho: Mayi, mtengowo ulipo, ndipo dzina lake munalimvapo, kungoti ambirife timaudziwa ngati mankhwala a m'mimba. Ndikunena muwawani. Akatswiri a zomera amautcha Cassia abbreviata. Umamera wokha m'madera otentha a kuno kwathu, ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe mpaka kumpoto kwa South Africa, ndipo umakonda m'mbali mwa zitunda, m'mphepete mwa timitsinje touma chilimwe komanso pa zulu zakale. Mu Seputembala, tchire litapsa, mbuzi zikunyambita fumbi, mukaona mtengo wopanda tsamba ndi limodzi lomwe koma nthambi zonse zili chikasu chokhachokha, zitheba zazitali ngati zikoti zikulendewera, mwauona muwawani.

Tiyambe ndi jakaranda wanu uja, chifukwa zomwe zinamupha zikhoza kuphanso muwawani. Jakaranda ndi mlendo wochokera ku South America, ndipo kuno amasangalala kumtunda. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pomwe Ngabu ali cha m'ma 100. Mukangotsika mapiri pamsewu wa ku Chikwawa n'kufika pa Thabwa mwalowa dziko lina: mvula ya pachaka imasewera pakati pa mamilimita 600 ndi 800, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Mbande yoleredwa pamthunzi ku Blantyre ikafika kumeneko imakomoka. Komabe ine sindikuimba mlandu dzuwa lokha. Ndikuimba mlandu kathiriridwe. Madzi a mijigo yambiri ya m'chigwa cha Shire ali ndi mchere. Mukathira pang'ono m'mawa, pang'ono madzulo, dzuwa limamwa madziwo koma mchere umatsala pamwamba pomwe pali timizu ta mbande. Pakatha masabata angapo mumaona dothi layera ngati mwawaza ufa. Mchere ukachuluka, mizu imalephera kukoka madzi ngakhale dothi lili lonyowa. Masamba amapsa m'mbali, mwini wake amati mtengo uli ndi ludzu, amawonjezera madzi omwewo, ndipo mpamene amaumalizitsa. Onjezanipo makande osalola madzi kutsika, nkhani yatha.

Muwawani dzuwa suliopa. Adani ake ndi atatu: madzi oima pamizu, ziweto udakali wamng'ono, ndi mpeni ukakula. Ndifika kwa onsewo.

Koma ndisakunamizeni, uwu si mtengo wa mthunzi. Umakula mamita asanu, asanu ndi awiri, nthawi zina kufika khumi pamalo abwino, ndipo nthambi zake ndi zotayana. Cha mu Juni ndi Julayi umayoyola masamba onse. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala umatulutsa maluwa achikasu onunkhira bwino, masamba atsopano akubwera pambuyo. Ndiye kuti nthawi yomwe dzuwa likuswa mtengo, muwawani amakhala atavala maluwa koma alibe mthunzi woti n'kuyalapo mphasa. Nimu wanu musamudule. Iye agwire ntchito ya mthunzi, muwawani agwire ya maso. Maluwawo amakhala masabata ochepa chabe, ndipo m'mawa mumamva mabemberezi akulira mumtengomo. Musawathamangitse. Mungu wa duwa la muwawani sutuluka wokha, umafuna kachilombo kolemera kogwedeza duwalo ndi kunjenjemera kwa thupi lake, ndipo bemberezi ndiye katswiri wa ntchitoyo. Popanda iye zitheba zimachepa.

Chenjerani pogula. Ogulitsa mbande m'misika ena amatcha muwawani mtengo uliwonse wa maluwa achikasu, ndipo mukhoza kubwera kunyumba ndi kesha. Kesha wa milimo kwawo ndi ku Asia, kesha wa maluwa kwawo ndi ku America. Onsewo amachita maluwa ali ndi masamba. Zitheba za kesha wa milimo ndi zaphanthiphanthi, za kesha wa maluwa ndi zazifupi, siziposa rula wa mwana wasukulu. Za muwawani ndi zobulungira ngati chala ndipo zimatalika, zina mpaka masentimita 90. Pa mbande yaing'ono kusiyanitsa n'kovuta ngakhale kwa ife amene takhala m'manazale zaka zambiri. N'chifukwa chake ine ndimati njira yabwino ndi kudzipezera nokha njere pamtengo umene mwauona ndi maso anu.

Zitheba zimatenga nthawi yaitali kuti zikhwime, pafupifupi chaka chathunthu, moti maluwa atsopano amapeza zakale zidakali mumtengo. Thyolani zomwe zada, zouma, cha mu Julayi kapena Ogasiti. Zotola pansi nthawi zambiri anankafumbwe amakhala atazilowa kale. Ngati mungathe, tengani ku mitengo iwiri kapena itatu ya m'dera lanu lomwelo, chifukwa mitengo imeneyo yaona kale zilala za kumeneko n'kupulumuka. Funsani mwini munda. Ngati mtengowo uli kumanda, mukudziwa kale kuti kumeneko sitilowa popanda amfumu. Ku Lengwe, Majete ndi Mwabvi musakathyoleko kanthu, ndi malo otetezedwa ndipo lamulo sililola. Mukasowa, pitani ku ofesi ya zankhalango ya boma lanu kapena kwa alangizi a m'dera lanu. Njere za mitengo zimapezekanso ku Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba, ngakhale kuti mitundu ina imafuna kufunsiratu nthawi idakalipo.

Phwanyani chitheba ndi mwala mosamala. M'kati muli tizipinda, kalikonse kali ndi njere imodzi yomatidwa ndi zinthu zakuda zonanda. Tsukani njerezo, tayani zoboola ndi zopepuka. Chikopa cha njere ya muwawani ndi cholimba kwambiri, moti mukangoikwirira ikhoza kukhala miyezi osamera. Wiritsani madzi, aphuleni, dikirani kamphindi, kenako thirani pa njere zili m'kapu ndipo zigone momwemo. Osaziphika pamoto ayi. Kukacha, zomwe zatupa ndiye zakonzeka. Zomwe zakana, zibudulani pang'ono m'mbali ndi chowengera zikhadabo, kutali ndi kadiso kake, n'kuziviikanso m'madzi ozizira usiku umodzi. Kwirirani mozama ngati kutalika kwa chikhadabo. Pa kutentha kwa ku Ngabu, sabata imodzi kapena ziwiri mudzaona zatuluka.

Tsopano nkhani ya muzu. Muwawani umayamba ndi kutumiza muzu umodzi wautali pansi, ndipo muzu umenewo ndiwo chinsinsi chake chopirira chilala. Kambande kotalika ngati chikhatho kamakhala ndi muzu woposa pamenepo kawiri. Ndili mnyamata pantchito ndinakumba mbande khumi ndi ziwiri zodzimerera m'munda wa thonje, n'kuzinyamula panjinga zitakulungidwa m'chiguduli chonyowa, ndikudziona wochenjera kuti ndalumpha ntchito ya nazale. Inapulumuka imodzi, nayonso inakhala zaka ziwiri osasuntha. Khasu linali litadula muzu waukulu pa iliyonse. Kuyambira pamenepo sindiuza munthu kuti akazule muwawani kutchire. Mukafesa m'machubu, sankhani aatali. Botolo la pulasitiki la malita awiri lodula kukamwa ndi kuboola pansi limaposa paketi ya shuga. Sakanizani magawo awiri a dothi lapansi pa mitengo, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje ndi gawo limodzi la manyowa owolerana. Muzisuntha machubuwo pakatha masabata awiri aliwonse kuti muzu usaboole n'kulowa pansi. Mukafesa mu Seputembala kapena Okutobala, pofika kumapeto a Disembala mbande zimakhala za masentimita 20 kapena 30, msinkhu woyenera kuwokera. Zisagone chaka m'chubu, muzu umazungulira ngati nkhata ndipo mtengo wotero umadzagwa ndi mphepo.

Kunena zoona, pakhomo ngati lanu pomwe mukufuna mtengo umodzi kapena iwiri, ine ndikanafesa pamalo pomwepo. Njere zitatu zoviika paphando limodzi mvula itakhazikika, zikamera n'kusiya yamphamvu. Muzu umatsika osasokonezedwa ndi wina aliyense. Chitani zonse ziwiri ngati mukukayika: fesani paphando, sungani mbande ziwiri m'machubu zodzapakiza.

Pa makande ndiye pofunika tikhale pansi. Malangizo omwe timamva pawailesi nyengo yobzala mitengo, yomwe dziko lino limaitsegula pa 15 Disembala n'kuitseka pa 15 Epulo, amati kumbani dzenje lakuya, thirani manyowa, siyani kabeseni kosunga madzi. Malangizowo ndi abwino pa dothi lofiira la kumtunda kapena pa mchenga. Pa makande ndi msampha. Inu mukulidziwa dothi limeneli: chilimwe limang'aluka ming'alu yolowa dzanja, dzinja limatupa n'kumata ngati phula, ngolo n'kutitimira. Mukakumba dzenje lakuya n'kudzazamo dothi lofewa, mwaumba mtsuko. Mvula ikagwa madzi onse a pabwalo amathamangira m'menemo, sapeza potulukira, mizu imasowa mpweya ndipo pakatha masiku ochepa imawola. Mbande imafota ili m'madzi. Kumbukirani kumene muwawani amadzisankhira yekha kutchire: pachulu, pachitunda, pomwe madzi sagona. Mupangireni chulu chake. Gaulani malo otambalala ngati sitepe imodzi yaikulu mbali zonse, kuya kwa khasu limodzi basi. Sakanizani dothilo ndi mabeseni awiri kapena atatu a mchenga wa kumtsinje, wokhakhala uja, ndi ndowa imodzi ya manyowa a ng'ombe owolerana bwino, amene m'chigwamo sasowa. Unjikani mulu wofika m'munsi mwa bondo, pamwamba pake pakhale pafulati. Pangani muluwo mwezi umodzi mvula isanayambe kuti ukhazikike. Bzalani pamwamba pake, khosi la mbande likhale pomwe linali m'chubu, osalikwirira. M'mbali mwa mulu ikani miyala kapena zidutswa za njerwa kuti mvula isaugumule.

Feteleza musathire m'phando. Manyowa aja akwana. Ena amaganiza kuti popeza muwawani ali m'banja la nyemba ndiye kuti amadzipangira chonde ngati nandolo kapena msangu. Ayi, mizu yake ilibe timatuza tija togwira nayitirojeni. Koma ndi mtengo wozolowera umphawi, ndipo mukaudyetsa kwambiri umangochulukitsa masamba ndi nthambi zofewa.

Malo ake akhale padzuwa tsiku lonse, mamita asanu kapena asanu ndi limodzi kuchokera pakhoma la nyumba, komanso kutali ndi nimu, chifukwa nimu ndi wadyera pa madzi ndi pa kuwala komwe. Mizu ya muwawani sidziwika ndi kugumula maziko, koma pa makande, pomwe dothi limatupa ndi kufwapa, sindilola mtengo uliwonse kuyandikira nyumba. Usakhalenso pomwe madzi a padenga kapena a kubafa amathera.

Musathamangire mvula yoyamba. M'chigwa cha Shire mvula imachedwa, ndipo ikagwa kamodzi imatha kusowa masabata awiri dzuwa likuwotcha. Dikirani dothi linyowe mpaka pansi, kawirikawiri kumapeto a Disembala kapena mu Januwale, ndipo wokerani madzulo. Ng'amba ya pakati pa dzinja ikabwera, thandizani ndi ndowa imodzi.

Chilimwe choyamba ndicho chofuna kwambiri madzi anu. Ndowa ya malita 20 kamodzi pa masiku khumi, kuthira pang'onopang'ono kuti ilowe pansi, ikukwana. Mu Okutobala ndi Novembala mukhoza kufupikitsa kufika sabata imodzi. Madzi ambiri kamodzi amakankhira mchere pansi ndipo amakopa muzu kuti uwatsatire. Ngati muli ndi mgolo, kololani madzi a padenga dzinja, muwasungire mbandeyo. A kumtsinje nawonso ndi abwino kuposa a mjigo wamchere. Otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba thirani, koma a sopo wochapira ayi, ali ndi mchere wawo. Mu Juni ndi Julayi kamtengoko kakayoyola masamba, musachite mantha n'kuyamba kuthira madzi tsiku ndi tsiku. Kakugona. Kandani khungwa pang'ono ndi chikhadabo, mukaona zobiriwira m'kati, kali moyo. Ndaonapo anthu ambiri akuzula muwawani wamoyo mu Julayi poganiza kuti wafa. Chaka chachiwiri thirani kamodzi pamwezi nthawi yotentha kwambiri. Kuyambira chachitatu, muiwaleni.

Phimbirani muluwo ndi udzu wouma kuti dzuwa lisaphike mizu, koma siyani mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde. Mapesi a mapira ndi a chimanga ogunda tsinde amaitana chiswe. Muwawani wathanzi chiswe sichimuvutitsa ngati momwe chimachitira ndi bulugamu. Chimalowerera pa mbande yofooka kale. Phulusa la pamoto lowaza mozungulira limathandizako, koma pang'ono, chifukwa nalonso likachuluka limawonjezera vuto la mchere lija.

Za mbuzi sindichulukitsa mawu, mukuzidziwa kuposa ine. Anthu akangokolola, ziweto zimamasulidwa, ndipo kanthu kobiriwira kokhako pabwalo lonse kadzakhala kambande kanu. Kuwawa kwa muwawani kusakupusitseni: mbuzi ya mu Okutobala imalawa chilichonse, ndipo ng'ombe ikapanda kudya imaponda. Mangani mpanda musanabzale, osati mawa lake. Njerwa zootcha zosanjikiza popanda matope, zosiya mipata yolowa mphepo, kufika m'chifuwa, zimakhalitsa kuposa bango, lomwe chiswe chimatha pa dzinja limodzi. Mpandawo ukhale wotakasuka kuti njerwa zotentha zisawambe masamba. Kunja kwake unjikani nthambi za minga za masau. Usachoke mpaka nsonga ya mtengo itapitirira pomwe mbuzi yoimirira ndi miyendo iwiri ingafike, ndipo tsinde litakhuthala ngati mpini wa khasu.

Mdani wachitatu ndi amene wandipweteka mtima kwambiri, chifukwa amabwera mtengo utakula, ntchito yonse itagwiridwa. Khungwa ndi mizu ya muwawani anthu amazifuna kwambiri pa mankhwala achikuda, ndipo m'misika mumaona makungwa ake atawunjikidwa. Yendani m'midzi muone miwawani yotsala: pafupifupi uliwonse uli ndi zipsera, ina yasendedwa mpaka pofika dzanja. Chakudya chomwe masamba amapanga chimatsikira ku mizu kudzera m'kati mwa khungwa. Munthu akasenda mbali imodzi, bala limatha kupola pakapita zaka. Akasenda kuzungulira, njira yadulidwa. Mtengo umaoneka wamoyo miyezi ingapo, mwina n'kuchita maluwa komaliza, kenako umauma uli chiimire. Wosendayo nthawi zambiri si mbava. Ndi mnansi amene mwana wake akudwala m'mimba usiku, ndipo kumukaniza n'kovuta. Choncho bzalani mtengowo kumaso kwa nyumba, poonekera muli pakhonde, osati kumalire kufupi ndi njira. Uzani apabanja ndi anansi poyera kuti pa tsinde sipafika mpeni. Mukamadulira nthambi, sungani makungwa a nthambizo, wopempha muzimupatsa amenewo. Ndipo popeza njere mudzakhala nazo zambiri, fesani machubu khumi owonjezera mugawire anthu a m'mudzimo ndi amfumu omwe. Pamudzi pakakhala miwawani ingapo, wanu umapuma. Pa zakumwa mankhwalawo, ine ndine wa mitengo, si dokotala, koma ndinene ichi: mlingo wake palibe amene amauyeza, choncho mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono asamwe, ndipo amene akuganiza kuti ali ndi malungo akayezetse magazi kuchipatala.

Kuwongola mtengo m'poyamba. Muwawani amakonda kupendekeka ndi kuchita mphanda ali pansi. Zaka ziwiri zoyamba muimikireni kamtengo kolimba pambali, mumange momasuka ndi nsanza, ndipo chotsani mphukira za m'munsi kuti tsinde likhale limodzi mpaka kupitirira mutu wa munthu. Akakula, dulirani maluwa akatha, osati asanatuluke, apo ayi mwadula maluwa a chaka chimenecho. Sathamanga ngati kesha kapena nimu. Pa mitengo yomwe ndaiona ikukula kuchokera ku njere, maluwa oyamba amabwera pakatha zaka zinayi, zisanu, ina kuposerapo, ndipo chaka choyambacho amakhala timagulu tochepa pa nthambi ziwiri zitatu. Mtengo wothiriridwa chilimwe chonse umachedwa kuyoyola masamba ndipo maluwa ake amabisika, pomwe wosiyidwa ndi ludzu lake ndi umene umayaka chikasu.

Pali funso limodzi lomwe simunanene koma liyankheni nokha musanagwire khasu. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu Malichi 2019, a Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa aliyense m'chigwamo pomwe madzi amaima. Inu mwakhalapo zaka zitatu zokha, choncho funsani anansi okhalitsa. Ngati pabwalo panu madzi anangodutsa n'kuphwa tsiku lomwelo, mulu uja ukwanira. Ngati amakhala masiku angapo ofika m'mawondo, muwawani si wanu, musadzivutitse. Bzalani mpakasa, umene ena amati chimphakasa, Philenoptera violacea m'mabuku atsopano, Lonchocarpus capassa m'mabuku akale. Ndi mtengo wa m'zigwa zosefukira, umapirira madzi a dzinja ndi chilala chomwe, ndipo cha mu Seputembala mpaka Novembala umachita maluwa ofiirira motuwira, onunkhira, amene njuchi zimawakonda kwambiri. Akayoyoka pansi pamakhala ngati mwayala chitenje. Njere zake zili m'tizitheba taphanthiphanthi ndipo zimamera mosavuta mukaziviika usiku umodzi. Umakula kuposa muwawani, mpaka mamita 15, ndiye upatseni mamita khumi kuchokera panyumba. Mvunguti nawo umachita bwino pamalo otero ndipo maluwa ake ofiira amatseguka usiku kudikira mileme, koma zipatso zake zimalemera makilogalamu angapo, sindingauike pomwe ana amasewera. Mpakasa uli ndi khalidwe lake limodzi lodabwitsa: mvula ikayandikira, zaka zina timatizilombo toyamwa madzi a m'nthambi timadzaza mumtengomo n'kumadontheza madzi ngati kukuwaza, kumwamba kulibe mtambo. Mtengo sufa nazo ndipo si matsenga, koma ufa wanu musakayanike pansi pake.